Alonda a Chuma cha America Anachotsedwa Usiku, Congress Ikungoyang'ana

Usiku wa Lachisanu pa 24 Januwale 2025, patangotha masiku anayi Donald Trump atalumbiritsidwa kachiwiri kukhala mtsogoleri wa America, akuluakulu a boma pafupifupi 17 analandira imelo yaifupi yochokera ku White House. Inawauza kuti ntchito yawo yatha nthawi yomweyo chifukwa zofuna za boma zasintha. Anthuwa sanali nduna kapena alangizi a ndale, amene mwachizolowezi amachoka limodzi ndi boma limene linawabweretsa. Anali ma inspector general, udindo umene ku America si wa mkulu wa apolisi monga tinazolowera kuno kwathu, koma wa munthu amene amakhala mkati mwa unduna ndi gulu lake la akatswiri owerengera ndalama ndi ofufuza milandu, kuti azifukula kuba, chinyengo ndi kusakaza chuma cha anthu. Anachotsedwa a ku unduna wa chitetezo, wa maubale ndi mayiko ena, wa zaumoyo, wa zaulimi, wa zantchito, wa zamtengatenga, wa asilikali opuma ndi ena. Lamulo la dzikolo limanena mosapita m'mbali kuti pulezidenti asanachotse munthu wotere ayenera kudziwitsa Congress, nyumba yawo ya malamulo, kutatsala masiku 30, ndipo alembe zifukwa zomveka zokhudza munthu aliyense payekha. Chidziwitsocho sichinaperekedwe, zifukwanso sizinalembedwe. Trump analakwa, ndipo bwalo la milandu linadzanena chimodzimodzi. Koma ine mlandu waukulu ndikuuika pa Congress, yomwe inalemba lamulolo ndi manja ake, kenako n'kulola kuti lithyoledwe popanda wolithyola kutayapo kanthu.

Maofesi amenewa anabadwa m'nyengo imene anthu a ku America anali atatopa ndi kunamizidwa ndi boma lawo. Richard Nixon anatula pansi udindo mu 1974 chifukwa cha nkhani ya Watergate, ndipo mu 1978 Jimmy Carter anasaina lamulo lokhazikitsa ma inspector general m'maunduna ndi m'nthambi 12 za boma. Lero alipo oposa 70. Nzeru ya lamuloli inali yakuti mlondayo akhale ndi mabwana awiri. Amagwira ntchito mkati mwa unduna, motero amaona mabuku ndi makalata onse, koma miyezi isanu ndi umodzi iliyonse lipoti lake limapita ku Congress, ndipo nduna ilibe mphamvu yosintha zomwe walemba. Akapeza vuto loopsa kwambiri amalembera nduna, ndipo ndunayo iyenera kutumiza kalatayo ku Congress pasanathe masiku asanu ndi awiri. Lamulo limatinso munthuyo asankhidwe chifukwa cha kukhulupirika ndi luso lake, mosayang'ana chipani. Malo ofooka analipo amodzi kuyambira pachiyambi: mphamvu yomuchotsa inatsala m'manja mwa pulezidenti. Congress inayesa kutseka mpatawo mu 2008 poika lamulo la masiku 30, ndipo inalimbitsanso mu Disembala 2022 polamula kuti zifukwa zikhale zatsatanetsatane. Kusintha kwachiwiriku kunabwera chifukwa cha zomwe Trump yemweyu anachita mu 2020, pamene anachotsa Michael Atkinson, amene anapereka ku Congress dandaulo lokhudza foni imene Trump anaimbira mtsogoleri wa Ukraine, ndi Steve Linick wa ku unduna wa maubale ndi mayiko ena. Motero palibe anganene kuti mu 2025 White House sinkadziwa zomwe lamulo limafuna. Linalembedwa poganizira zomwe zinachitika kale mu ulamuliro wa munthu yemweyo.

Amene amati alonda amenewa ndi chida cha chipani cha Democratic ayenera kuwerenganso mbiri yawo. Mu 2012 inspector general wa nthambi yoyang'anira nyumba ndi katundu wa boma anaulula kuti ogwira ntchito anawononga madola oposa 800,000 pa msonkhano umodzi wokha kufupi ndi Las Vegas, ndipo mkulu wa nthambiyo, Martha Johnson, anatula pansi udindo. Mu 2013 wina anapeza kuti bungwe lotolera misonkho la IRS linkavutitsa magulu a Tea Party, otsamira ku chipani cha Republican, powasankha potengera mayina awo akamapempha kuti asamalipire msonkho. Mu 2014 lipoti lina linaonetsa kuti asilikali opuma pafupifupi 1,700 mumzinda wa Phoenix ankadikira chithandizo cha kuchipatala pomwe mayina awo sanali n'komwe pa mndandanda wa odikira, ndipo nduna Eric Shinseki inachoka patangotha masiku ochepa. Zonsezi zinachititsa manyazi boma la Barack Obama. Mu Disembala 2019 Michael Horowitz wa ku unduna wa zachilungamo anapeza zolakwika zikuluzikulu 17 m'makalata amene FBI inapereka kukhoti popempha chilolezo chomvetsera mafoni a Carter Page, yemwe anali mlangizi pa kampeni ya Trump, ndipo otsatira Trump anagwiritsa ntchito lipotilo kwa zaka zambiri monga umboni wakuti anachitiridwa nkhanza. John Sopko, amene ankalondera ndalama zomangira dziko la Afghanistan, ndiye anafukula nkhani ya ndege 20 zonyamula katundu zomwe zinadya madola oposa 480 miliyoni, kenako 16 mwa izo n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha pa madola pafupifupi 32,000. Hannibal Ware, wa ku nthambi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, ananena mu 2023 kuti madola oposa 200 biliyoni a thandizo la nthawi ya Covid-19 mwina anapita kwa anthu achinyengo. Sopko ndi Ware onse anali m'gulu lochotsedwa mu Januwale 2025, pamodzi ndi Mark Greenblatt, amene anaikidwa paudindo ndi Trump mwiniwake mu 2019, ndi Phyllis Fong, amene anatumikira ku unduna wa zaulimi kuyambira 2002 pansi pa atsogoleri a zipani zonse ziwiri.

Nkhani imene ikutikhudza ife mwachindunji ndi ya Paul Martin, amene ankalondera USAID. Pa 10 Febuluwale 2025, boma litaimitsa thandizo la kumayiko ena ndi kutumiza kunyumba ogwira ntchito ambiri a bungwelo, ofesi yake inatulutsa lipoti lalifupi lochenjeza kuti chakudya cha madola 489 miliyoni chili pangozi yoonongekera m'madoko, m'sitima ndi m'nyumba zosungiramo katundu, komanso kuti panalibenso anthu okwanira otsata madola 8.2 biliyoni a thandizo amene anali asanagwiritsidwe ntchito. Tsiku lotsatira anachotsedwa. Munthu akhoza kugwirizana ndi Trump kuti America inkapereka thandizo lochuluka kwambiri, ndipo umenewo ndi mtsutso wa ndale umene ovota a kumeneko ali ndi ufulu wougamula. Koma lipoti la Martin silinali lopempha kuti thandizo lipitirire. Linali kuchenjeza kuti chuma cha okhoma msonkho a ku America chikuwola ndiponso chikhoza kugwera m'manja olakwika, zomwe ndi zenizeni zimene boma latsopanolo linkati labwera kudzathetsa. Aliyense wotsala pa udindo wotere anaona kutalika kwa nthawi imene inadutsa pakati pa lipoti ndi kalata yochotsa munthu, ndipo sanafunikire wina womumasulira. Ife a ku Malawi tikukumbukira kuti Martha Chizuma, yemwe panthawiyo anali mkulu wa bungwe lothana ndi katangale la ACB, atamangidwa m'bandakucha mu Disembala 2022, ofesi ya kazembe wa America inali m'gulu la oyamba kudzudzula poyera. Inachita bwino, ndipo muyeso umene inagwiritsa ntchito tsiku limenelo ndi womwewo umene tiyenera kuyezera Washington.

Otsatira Trump ali ndi mayankho, ndipo ena mwa iwo ndi olemera ndithu. Loyamba ndi la malamulo oyendetsera dziko. Amati gawo lachiwiri la malamulowo limapereka mphamvu zonse zoyendetsera boma kwa pulezidenti mmodzi, ndipo popeza iye ndiye amayankha kwa ovota, ayenera kukhala womasuka kuchotsa aliyense wogwira ntchito pansi pake. Maganizo amenewa si achilendo. Bwalo lalikulu la Supreme Court linayenda njira imeneyo pa mlandu wa Myers mu 1926, ndipo mu 2020, pa mlandu wa Seila Law, linagamula kuti Congress singamange manja a pulezidenti pofuna kuchotsa mkulu wa bungwe loteteza ogula pa nkhani za ndalama. Komabe lamulo la ma inspector general silimanga manja a munthu. Sililetsa kuchotsa, silifuna chilolezo cha Senate, nyumba ya maseneta ku Congress, ndipo silinena kuti chifukwa chikhale chotani. Limangoti nena chifukwa, ndipo dikira mwezi umodzi. Ngati White House inkakhulupirira kuti ngakhale zimenezi n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, njira yoyenera inali kupempha Congress kuti isinthe lamulo, kapena kulitsatira uku ikulitsutsa poyera. Pulezidenti amalumbira kuti aonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa mokhulupirika, ndipo lumbirolo silimupatsa ufulu wosankha malamulo amene amukomera.

Asanu ndi atatu mwa ochotsedwawo anakasuma mu Febuluwale 2025, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho woweruza Ana Reyes wa ku Washington anapereka chigamulo chimene chiyenera kudetsa nkhawa aliyense wokonda ulamuliro wa malamulo. Anati n'zoonekeratu kuti lamulo linathyoledwa. Koma anakana kuwabwezera pa ntchito, chifukwa ngakhale akanabwerera, pulezidenti akanangolemba kalata yoyenera n'kuwachotsanso pakatha masiku 30. Sindikumudzudzula woweruzayo, poti anawerenga lamulo monga linalembedwera. Chimene chigamulo chake chinaonetsa n'chakuti lamulolo lilibe chilango. Masiku 30 aja sanaikidwe kuti ateteze malipiro a munthu wochotsedwa. Anaikidwa kuti Congress ipeze mpata wofunsa kuti ofesiyo inkafufuza chiyani panthawiyo, kuitana munthuyo kuti afotokoze adakali ndi makiyi a ofesi yake, kuonetsetsa kuti mafayilo sakusowa, ndi kupatsa atolankhani nthawi yofunsa mafunso awo. Pulezidenti amene akudziwa kuti adzafunsidwa kwa mwezi wathunthu amaganiza kawiri asanachotse munthu amene akufufuza mnzake. Mphamvu yonse ya lamuloli inali mu manyazi ndi mu mtengo wa ndale, ndipo zinthu ziwirizi khoti silingazipereke. Zimaperekedwa ndi aphungu.

Yankho lachiwiri ndi lakuti ena anachitanso zomwezo. N'zoona kuti Ronald Reagan anachotsa ma inspector general onse tsiku limene analowa m'boma mu 1981. N'zoonanso kuti Obama anachotsa Gerald Walpin mu 2009, munthu amene anafufuza bungwe la meya wa Sacramento, yemwe anali wotsatira wake, ndipo chifukwa chimene anapereka poyamba chinali chongoti sakumudaliranso. Izi zinali zolakwika, ndipo sindikuona chifukwa chozichepetsera. Koma zomwe zinatsatira ndi zimene zikundipatsa mphamvu pa mfundo yanga. Reagan anadzudzulidwa kwambiri ku Congress, anabwezera ena mwa iwo pa ntchito, ndipo kwa zaka zoposa 40 palibe pulezidenti amene anayesanso kusesa onse nthawi imodzi. Pa nkhani ya Walpin, seneta Claire McCaskill, wa chipani cha Obama chomwecho ndiponso mmodzi mwa amene analemba lamulo la 2008, ananena poyera kuti White House sinatsate lamulo, ndipo White House inakakamizika kulemba zifukwa zina zatsatanetsatane. Mwambo wosiya alondawa pa ntchito boma likasintha sunagwe kumwamba. Unamangidwa ndi aphungu amene anali okonzeka kukwiyitsa mtsogoleri wa chipani chawo.

Yankho lachitatu ndi limene ndimalimvera chisoni kwambiri, chifukwa lili ndi choonadi mkati mwake. Anthu ambiri a ku America amafunsa kuti ngati alondawa analipo zaka zonsezi, bwanji unduna wa chitetezo walephera kupereka mabuku oyera chaka chilichonse kuyambira pamene unayamba kuwerengedwa wonse mu 2018? Bwanji ndalama za Covid-19 zinabedwa zochuluka chotero? Ena mwa ma inspector general ndi ochedwa, ena ndi amantha, ndipo malipoti ambiri amatuluka ndalama zitapita kale. Koma inspector general alibe mphamvu yolamula nduna kuti ikonze zinthu. Iye amafufuza, amalemba, amapereka milandu kwa oimira boma pa milandu, ndipo kukonza kumatsalira nduna ndi Congress. Ndiponso tikudziwa za kulephera kwa unduna wa chitetezo ndi za kubedwa kwa ndalama za Covid-19 chifukwa cha maofesi omwewa. Ngati cholinga chinali kuchotsa ofooka, lamulo linapereka njira yabwino kwambiri: tchula munthuyo, lemba zomwe walephera, anthu aziwerenge. Chodabwitsa n'chakuti Joseph Cuffari wa ku unduna wa chitetezo cha m'dziko, amene komiti yoona za khalidwe la ma inspector general anzake inamupeza mu 2024 kuti anagwiritsa ntchito udindo wake molakwika ndipo inapempha kuti alangidwe, ngakhale kuchotsedwa kumene, sanachotsedwe ndi Joe Biden, ndipo usiku wa pa 24 Januwale sanakhudzidwe. Zimenezi zokha zikukwanira kuonetsa kuti sikelo imene inagwiritsidwa ntchito sinali ya luso kapena khalidwe. M'malo mwa maofesi amene amatsata ndondomeko zodziwika za kawerengedwe ka ndalama, ntchito yosaka kusakaza inapatsidwa kwa gulu la DOGE la Elon Musk, munthu amene makampani ake ali ndi makontirakiti a mabiliyoni ndi boma lomwelo. M'masabata oyambirira gululo linalengeza kuti lapulumutsa madola 8 biliyoni pothetsa kontirakiti ina, pomwe mtengo wake weniweni unali madola 8 miliyoni.

Palinso amene amati maofesiwo sanatsekedwe, ndipo ntchito ikupitirira. Amapereka chitsanzo cha ofesi ya inspector general wa unduna wa chitetezo, imene motsogozedwa ndi wongogwirizira udindo inafufuza nduna Pete Hegseth pa nkhani yotumiza uthenga wa nkhondo ya ku Yemen kudzera pa pulogalamu ya mauthenga ya Signal, ndipo mu Disembala 2025 inanena kuti zomwe anachita zikanaika asilikali pangozi. Ogwira ntchito amene analemba lipotilo ayenera kuyamikiridwa. Komabe kafukufukuyo anapemphedwa ndi maseneta awiri akuluakulu, Roger Wicker wa Republican ndi Jack Reed wa Democratic, ndipo chishango cha ofufuzawo chinali chimenecho. Vuto lagona pa kafukufuku amene alibe seneta womuimira, amene amayamba ndi kalaliki mmodzi woona risiti yokayikitsa n'kuimba foni ku ofesi ya inspector general. Kafukufuku amene sanayambidwe chifukwa cha mantha sasiya chizindikiro chilichonse, ndipo palibe lipoti lidzatiuze kuchuluka kwake. Kalalikiyonso amayang'ana amene wakhala pampando asanatsegule pakamwa. Akaona kuti ku unduna wa asilikali opuma udindo wapatsidwa kwa Cheryl Mason, amene anali mlangizi wa nduna yomweyo imene tsopano ayenera kuilondera, kapena kuti ku unduna wa zantchito dzina limene pulezidenti anapereka ndi la Anthony D'Esposito, phungu wakale wa chipani cholamula, sitingamudzudzule akasankha kukhala chete. Mwina anthuwa agwira ntchito yawo mokhulupirika. Koma ofesi yotere imakhala ndi moyo chifukwa cha chikhulupiriro cha anthu ang'onoang'ono amene amaibweretsera zinsinsi, ndipo chikhulupiriro chimenecho n'chimene chinavulazidwa.

N'chifukwa chake ndikubwerera ku Congress. Seneta Chuck Grassley wa ku Iowa, wa chipani cha Republican, wakhala mtetezi wa ma inspector general kwa zaka makumi ambiri. Mu 2020, Atkinson ndi Linick atachotsedwa, anatsekereza mayina awiri a anthu amene Trump ankafuna kuwapatsa maudindo mpaka White House itapereka zifukwa. Mu Januwale 2025 iye ndi seneta Dick Durbin wa Democratic analemba kalata yopempha kuti lamulo litsatidwe, koma kalatayo sinabweze munthu ngakhale mmodzi, ndipo Senate, momwe a Republican anali ndi mipando 53 mwa 100, inapitiriza kuvomereza nduna za Trump ngati kuti palibe chachitika. Sikuti aphungu analibe zida. Senate ndiyo imavomereza aliyense wolowa m'malo mwa ochotsedwawo. Congress ndiyo imagawa ndalama zonse za boma, kuphatikizapo za ofesi ya White House imene inatumiza imelo ija. Makomiti ali ndi mphamvu yoitanitsa anthu ndi makalata. Umboni wakuti zida zimenezi zimagwira ntchito unaoneka chaka chomwecho: kumapeto kwa Sepitembala 2025 ofesi yoona za bajeti ku White House itakana kutulutsa ndalama za bungwe logwirizanitsa ma inspector general onse, mpaka tsamba la intaneti losungira malipoti awo linazima, Grassley ndi seneta Susan Collins anaumirira, ndipo ndalamazo zinatulutsidwa patapita masabata angapo. Maseneta awiri okha anakwanitsa zimenezo. Akanakhala khumi mu Januwale, nkhani ikanakhala ina. Aphungu a Republican amene anakhala chete ayenera kukumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina pulezidenti wa Democratic adzalowa mu White House atapeza kuti njira yochotsera alonda onse usiku umodzi inalambulidwa kale, ndipo malipoti onga a IRS ndi a Phoenix, amene chipani chawo chinapindula nawo, mwina sadzalembedwanso.

Ena akufuna kuti lamulo lisinthidwe kuti inspector general azichotsedwa pokhapokha atapezeka ndi mlandu, monga zilili ndi mkulu wa GAO, ofesi yowerengera chuma cha boma yomwe ili pansi pa Congress, amene amakhala paudindo zaka 15 ndipo pulezidenti sangamuchotse payekha. Cholingacho n'chabwino, koma poona mmene Supreme Court yakhala ikugamulira, lamulo lotero likhoza kugwetsedwa kukhoti, chifukwa ma inspector general ali m'nthambi ya pulezidenti pomwe GAO ili m'nthambi ya aphungu. Njira yolimba ndi imene ili kale m'manja mwa Congress, imene palibe woweruza angailande. Senate ikhoza kudziikira lamulo lakuti sikambirana dzina la wolowa m'malo, kapena la nduna ndi wachiwiri wake mu unduna womwewo, mpaka zifukwa zochotsera woyambayo zitalembedwa ndipo masiku 30 atakwana. Lamulo la bajeti likhoza kunena kuti unduna umene mlonda wake wachotsedwa mosatsata ndondomeko utaya gawo la ndalama za ofesi ya nduna. Mafayilo a kafukufuku amene anali mkati panthawi yochotsayo akhoza kumatumizidwa ku GAO ndi ku makomiti oyenera tsiku lomwelo, kuti kuchotsa munthu kusakhale njira yophera mlandu. Zonsezi zikufuna mavoti a zipani zonse ziwiri, ndipo nthawi yosavuta kuwapeza ndi pamene chisankho cha pulezidenti cha 2028 chisanachitike, chipani chilichonse chisanadziwe ngati chidzakhala cholondera kapena cholonderedwa.